Kacotsedwe ka zosokoneza m'malangizo a Git

Malangizo awa ndi a onse osamala mafayilo ofotokoza nchito a README.md ndi CONTRIBUTING.md m'marepo (mafoda a nchito amene amayang'anilidwa ndi Git, pulogalamu yosunga mbili ya zosintha m'mafayilo), kaya muli ku Braamfontein muno mu Johannesburg kapena mutumiza nchito kucokela ku Lusaka ndi ku Chipata. Ndime ikapezeka kuti isokoneza, icotsedwe. Musailembele cenjezo pamwamba, ndiponso musaisamutsile pansi pa mutu wakuti "njila yakale". Watsopano saziwelenga zimenezo, amangokopela lamulo loyamba limene waona. Cocotsedwa sicitayika: `git log -p -- CONTRIBUTING.md` idzakuonetsani mzele uliwonse umene unakhalapo.

Yambani pa branch yake (nthambi yapadela ya nchito) ndi `git switch -c konza-malangizo`. Musanafute mzele, onani cimene unabwelela. `git blame CONTRIBUTING.md` ionetsa commit (zosintha zosungidwa pamodzi m'mbili ya repo) imene inaukhudza komaliza, ndipo `git log -S"mawu ake"` ipeza pamene mawuwo analowela. Nthawi zina mzele wooneka wacabecabe unaikidwa cifukwa ca seva imene ikali kugwila nchito. Zikatelo funsani amene aisamala.

Cosokoneza cacikulu ndi `git checkout`. Lamulo limodzi limeneli ligwila nchito ziwili zosiyana kwambili. Mukalipatsa dzina la branch, likusamutsilani ku branch imeneyo. Mukalipatsa dzina la fayilo, monga `git checkout -- index.html`, lifafaniza zonse zimene mwasintha m'fayiloyo koma simunazicitile `git add`, osakufunsani, ndipo Git ilibe pozibwezela. Coopsa koposa ndi `git checkout .`, cifukwa kadontho kamodzi ako katenga foda yonse. Kuyambila pa Git 2.23 ya mu August 2019 nchito ziwilizi zinagawidwa: `git switch` ndi ya ma branch, `git restore` ndi ya mafayilo. Lembani ziwilizi, `checkout` icoke. Pa `git restore` ikani ciganizo cimodzi conena kuti nayonso ifafaniza zosasungidwa. Pamwamba pa fayilo lembani kuti pafunika Git 2.23 kapena yatsopano, ndi kuti munthu aone yake ndi `git --version`. 

Dzina lakuti master, limene linali dzina lacizolowezi la branch yaikulu, lifunika kusamala. Git 2.28 ya mu July 2020 inabweletsa `init.defaultBranch` yosankhila dzina la branch yoyamba, ndipo kuyambila October 2020 marepo atsopano a pa GitHub (webusaiti yosungilapo marepo) amayamba ndi main m'malo mwa master. Malangizo akanena `git push origin master` pa repo imene ilibe branch yotelo, munthu alandila `error: src refspec master does not match any`, n'kuyamba kuganiza kuti vuto ndi intaneti. Fufuzani ndi `git grep -n master`, koma musasinthe zonse kamodzi. Onani coyamba `git branch -r`, pakuti marepo akale ena akali pa master. Maulalo opita ku marepo a anthu ena asiyeni ngati akali kutseguka.

Ndime youza munthu kulemba password ya GitHub pocita push icoke yonse, cifukwa njila imeneyo inatsekedwa pa 13 August 2021. Ikani njila imodzi cabe, SSH (kulowa ndi makiyi acinsinsi) kapena token (mawu acinsinsi olowa m'malo mwa password). Maadilesi a GitHub oyamba ndi `git://` nawonso analeka kugwila mu March 2022. `git stash save` isinthidwe kukhala `git stash push`.

Index, cache ndi staging area ndi malo amodzi, pamene mafayilo amadikilila commit mukacita `git add`. Fayilo ikachula onse atatu, wowelenga aganiza kuti ndi malo atatu. Sankhani staging area. Lembani `git diff --staged` m'malo mwa `git diff --cached`, zonse zicita cimodzimodzi. Koma `git rm --cached` isiyeni mmene ilili, cifukwa `git rm` ilibe `--staged`. Apa ambili amalakwitsa pofuna kuti zonse zifanane.

Pa `git pull`, malangizo ambili amafotokoza merge ndi rebase (njila ziwili zophatikizila nchito yanu ndi ya pa seva) mofanana, n'kuuza wowelenga kuti asankhe yekha. Ife tiona kuti uku ndi kuthawa udindo. Git ya masiku ano ikapeza kuti branch yanu ndi ya pa seva zapatukana imaima ndi uthenga wakuti `fatal: Need to specify how to reconcile divergent branches`, ndipo wophunzila sadziwa coyankha. Gwilizanani njila imodzi, mulembe lamulo lake, monga `git config pull.rebase true`, inayo icoke. Paliponse pali `git push --force` ikani `git push --force-with-lease`, imene imakana ngati mnzanu watumizapo nchito imene inu simunaitenge.

Ngati repo inasamuka kucokela ku Subversion (pulogalamu ina yogwila nchito ngati ya Git, imene malamulo ake ayamba ndi `svn`), fufuzani mawu akuti revert. `svn revert` itaya zosintha za pa kompyuta yanu, pamene `git revert` ipanga commit yatsopano yobweza commit yakale. Ciganizo cakuti commit itumiza nchito ku seva nacoso n'ca Subversion. Mu Git, commit ikhala pa kompyuta yanu mpaka mutacita push.

Cosintha ciliconse cikhale ndi commit yake, uthenga wake unene cifukwa, kuti cimodzi cikalakwika cibwezedwe cokha. Musanaphatikize branch, pemphani munthu amene sanalembeko fayiloyo acite `git clone` mu foda yopanda kanthu, atsatile mzele ndi mzele, inu osamuthandiza pakamwa. Pamene waima n'kufunsa, pakali cosokoneza.

Mukapeza token kapena password yeniyeni m'zitsanzo, kufuta mzele sikokwanila, popeza ikhalabe m'ma commit akale. Iletseni tsiku lomwelo kumene inapangidwila, mupange ina. Kuyeletsa mbili ya repo ndi `git filter-repo` kubwele pambuyo, onse atauzidwa, cifukwa manambala a ma commit amasintha ndipo aliyense afunika kucitanso clone.