Mmene mungamverere Grateful Dead kudzera mma shoo awo akale muli konkuno ku Salima

Anzanga kuno ku Senga Bay akhala akundifunsa kuti kodi nyimbo zosatha zomwe ndimamvera usiku pakhonde zija ndi za ndani, nyimbo imodzi mpaka nsima kupsa iyo isanathe. Ndi Grateful Dead abale anga, bandi ya rock ya ku California yomwe inayamba 1965 nkudzatha 1995 atamwalira Jerry Garcia woliza gitala. Zaka 30 zimenezo anaimba ma shoo oposa 2,300 ndipo ambiri anajambulidwa pa tepi, moti lero munthu utha kukhala pansi pa mtengo wa mango nkumva bandiyi ikukula, ikukhwima, mpaka kukalamba. Koma ukangolowamo chilowelowe usochera, nde ndati ndilembe mmene ine ndimachitira.

Ma alubamu a mu studio asiyeni kaye. Si kuti ndi oipa ayi, koma anthu amenewa mphamvu zawo zinali pa siteji, mndandanda wa nyimbo umasintha usiku uliwonse ndipo nyimbo yomweyo dzulo ndi lero imamveka mosiyana.

Matepiwa ali pa archive.org, mugawo lotchedwa Live Music Archive, mwaulere ndipo si kuba chifukwa eni ake amalola ma fani kujambula nkumasinthana bola osagulitsa, mpaka mu 1984 anapatula malo apadera mma shoo oti ojambula aziimikapo ma maiki awo. Mukalowa muona dzina lililonse likuyamba ndi gd kenako deti, chaka poyamba, mwezi pakati, tsiku kumapeto. Apa chenjerani chifukwa aku America polankhula amayambitsa mwezi, nde mukaona wina walemba 5/8/77 akunena 8 May 1977 osati 5 August, mukasokoneza mumvera shoo ina kapena simupeza kalikonse.

Kenako pali zilembo ziwiri zofunika kuzidziwa, SBD ndi AUD. SBD ndi tepi yotengedwa pa mikisa penipeni, mawu oyera, chida chilichonse chikumveka pachokha. AUD ndi yojambulidwa ndi munthu ali mchigulu, mumamva anthu kukuwa, kuomba mmanja, nthawi zina wina akulankhula pafupi ndi maiki. Kuyambira 2005 lamulo pa archive ndi loti ma SBD mumangomvera pompo pa intaneti, odawuniloda ndi ma AUD okha. Kwa ife a bandulo yowerengera zimenezi nzofunika, chifukwa kumvera pa intaneti shoo ya maola atatu netiweki ikudukaduka ndi kuwawa mtima. Ine ndimatenga AUD yabwino mu MP3, shoo yonse imadya pafupifupi 200MB kapena kuposerapo pang'ono, za FLAC, mtundu wina wa fayilo wosafinya mawu ngati MP3, zisiyeni, imodzi itha kufika 1GB. Dawunilodani usiku anthu atagona, kapena mukapita ku Kamuzu Road pezani pomwe pali wifi mukokeretu ma shoo awiri atatu, muike pa memore khadi, shoo iliyonse mu foda yakeyake dzina likhale deti lija. Ndipo musanakoke werengani zomwe anthu alemba pansi pa tepiyo, shoo imodzi imakhala ndi matepi angapo ndipo ena ndi aphokoso zedi.

Ambiri angakuuzeni kuti yambani ndi 1969 kuti muyende mwa dongosolo, ine ndikuti ayi, yambani ndi 8 May 1977 ku Barton Hall, Cornell University. Chaka chimenecho bandi inali yogwirana bwino, nyimbo zomveka mutu wake, palibe chokuopsani. Tepi yotchuka ya usiku umenewo anajambula ndi mayi Betty Cantor-Jackson, matepi awo anthu amangowatcha Betty Boards, ndipo shoo imeneyi Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, inaiika mu kaundula wa zojambulidwa zofunika kusungidwa ku America, kenako inatuluka mwalamulo mu 2017. Imvereni yonse kuyambira poyamba, osadumphadumpha. Amaimba zigawo ziwiri, choyamba nyimbo zazifupi ngati kutenthetsa thupi, chachiwiri ndi pomwe amalumikiza nyimbo ina kulowa mu inzake osaima. Mukadumpha simumva polumikizira paja pomwe pali ntchito yonse.

Khutu likazolowera ndiye bwererani mmbuyo. Fillmore West ku San Francisco, 27 February mpaka 2 March 1969, anyamata ali ndi magazi otentha, gitala yolusa, ndipo pali Pigpen, dzina lenileni Ron McKernan, woimba blues ndi mawu okhakhala amene amatha kulankhula ndi chigulu nthawi yaitali bandi ikungogunda kumbuyo. Matepi ambiri a nthawi imeneyo tili nawo chifukwa cha Owsley Stanley, mkulu wa zokuzira mawu amene anali ndi chizolowezi chojambula zomwe zikutuluka pa mikisa. Pigpen anamwalira March 1973 ali ndi zaka 27 zokha, ndipo mukamvera ma shoo a ku Europe a April ndi May 1972 mukumva ulendo wake womaliza waukulu.

1972 yo ndiyo ine ndimaikonda kuposa zonse, sindibisa. Woimba ng'oma anali mmodzi yekha, Bill Kreutzmann, poti Mickey Hart anali atachoka 1971, nde bandi inapepuka, imakhota msanga ngati bwato laling'ono, ndipo Keith Godchaux anali atangolowa ndi piyano yake. Pezani ya 27 August 1972 ku Veneta, Oregon. Tsiku limenelo kunatentha koopsa mpaka magitala amangosokonekera mawaya, mumawamva akuchuna pafupipafupi komanso pa maiki akulengeza za madzi akumwa. Imvereni mu October masana dzuwa la Salima likuswa mtengo, mumva ngati muli pompo.

Njira ina imene inanditsegula makutu ndi iyi, sankhani nyimbo imodzi muyilondole zaka zonse. Ine ndinatenga Playing in the Band ya Bob Weir. Mu 1971 ndi kanyimbo ka mphindi zisanu basi, mu 1972 yayamba kutambasuka pakati, pofika 21 May 1974 ku Seattle yafika mphindi 46. Ikani zitatuzi motsatizana pa foni, ulendo umodzi mvetserani bezi ya Phil Lesh yokha, iyeyu sagunda pansi ngati mmene tinazolowera mu reggae, amayenda yekha ngati akuimba nyimbo yakeyake, ulendo wina mvetserani gitala ya Weir yomwe imalowa mmipata. Apa mahedifoni ndi ofunika, kasipika ka foni bezi sikamatulutsa nkomwe. 1974 yomweyo ndi chaka cha Wall of Sound, khoma la masipika oposa 600 kumbuyo kwa oimba, nde apa AUD imaposa SBD chifukwa mukumva zomwe anthu mu holo amamva. Khomalo linali lodula kunyamula, October 1974 anaima kaye kuyenda nkudzabwerera mu 1976 Mickey Hart ali momo.

Kuyambira cha mma 1978 pakati pa chigawo chachiwiri pamakhala ng'oma zokhazokha, Kreutzmann ndi Hart kusinthana, kenako phokoso lopanda mutu lomwe amalitcha Space. Azungu ambiri amati pamenepo nkopita kukamwa madzi, koma ife okulira pa ng'oma za gule ndi malipenga sindikuona chifukwa chodumphira, ng'omazo zimvereni, Space yo mukatopa nayo palibe mlandu.

Zaka za mma 1980 ndidutsapo msanga. Brent Mydland analowa pa kiyibodi 1979, mawu ake akuthwa, ndipo matepi a zaka zoyambirira ambiri ndi a kaseti nde samveka bwino kwenikweni. Mawu a Garcia mumawamva akutha pang'onopang'ono, mankhwala ozunguza bongo ndi matenda a shuga, mpaka July 1986 anakomoka masiku angapo ndipo atadzuka anachita kuphunziranso gitala. Koma kenako tengani 1989 ndi March 1990, bandi inadzukanso mochititsa chidwi, ya 29 March 1990 ku Nassau Coliseum kunabwera Branford Marsalis ndi saxophone, imeneyo musaiphonye. July 1990 Brent anamwalira.

Ma shoo a 1994 ndi 1995 musayambe nawo ndipo musawamvere muli wokhumudwa. Garcia akuiwala mawu, zala zikuchedwa, anzake akumuphimbira. Yomaliza ndi 9 July 1995 ku Soldier Field, Chicago, ndipo pa 9 August Garcia anamwalira ali ndi zaka 53. Ine ndinaimvera nditadutsa kale zina zonsezo, usiku wa mwera magetsi atazima, nyali za asodzi a usipa zikuoneka patali, ndipo ndinakhala chete nthawi yaitali itatha chifukwa mawu amenewo ndinali nditawamva ali mnyamata.

Khalani ndi kakope. Lembani deti, malo, amene anali pa kiyibodi, ndi nyimbo yomwe yakugwirani, chifukwa pakatha ma shoo khumi zimasakanikirana mmutu. Shoo imodzi pa sabata ikukwana, muibwereze kawiri katatu pochapa kapena pa minibasi yopita ku Lilongwe. Amene muli ndi bandulo yokwanira fufuzaninso Dick's Picks, ma volume 36 a ma shoo otulutsidwa mwalamulo omwe anayamba kutuluka 1993 osankhidwa poyamba ndi wosunga matepi wawo Dick Latvala, ndi Dave's Picks zomwe David Lemieux anayamba 2012, amenewo ndi okonzedwa bwino mawu ake.

Chimandiwawa nchakuti kwathu kuno Alleluya Band ya ku Balaka yaimba kuyambira 1978, Black Missionaries yadutsa zaka 20 ikuzungulira dziko lino pafupifupi sabata iliyonse, ma shoo angati achitika pamchenga pompano pa Senga Bay, koma ukafuna kumva mmene amaimbira pa siteji chaka chakutichakuti umangopeza timavidiyo ta pa foni todukaduka. Nde amene mumagwira mikisa mma shoo, pemphani chilolezo kwa eni bandi, lumikizani ka rekoda, lembani deti ndi malo pa fayiloyo, ndipo muisunge malo awiri chifukwa memore khadi imafa osatsanzika.