Jamu wa mapulamu akuchita chuku chifukwa mukuumira shuga

Chaka chino mapulamu ndi mapichesi abereka mochititsa kaso kuno ku Bvumbwe, mpaka nthambi zina kuchita kuthyoka. Pamsika mtengo wagweratu, poti aliyense akubwera ndi dengu lake tsiku lomwelo, ndipo mavenda a ku Limbe akudziwa kuti pulamu lakupsa silidikira sabata. Ambiri mwathamangira kuphika jamu. Nzeru yabwino ndithu. Koma mabotolo amene mukundionetsa m'magulu akumvetsa chisoni: pamwamba chuku chili mbuu, ena akuchita thovu, fungo lake ngati la masese.

Zipatso zilibe mlandu. Mukuumira shuga.

Ndikudziwa kuti shuga wakwera mtengo, nanenso ndimagula kugolosale komweko. Komatu ntchito ya shuga mu jamu si kutsekemeretsa kokha ayi. Shugayo amagwira madzi a m'chipatso kuti tizilombo tooletsa chakudya tisowe pokhalira. Jamu wosungika akapsa amayenera kukhala ndi shuga magawo 60 mpaka 65 pa 100 alionse, n'chifukwa chake timati kilo imodzi ya mapulamu ochotsa nthanga ipite ndi kilo imodzi ya shuga. Inu mukudzaza poto ndi zipatso, n'kuthiramo kapaketi kamodzi, mwati mwapulumutsa ndalama. Mwapulumutsa chiyani? Pakatha masabata awiri mukutaya shuga yemweyo, zipatso, nkhuni zimene munayaka nazo m'maso ndi utsi, kuphatikizapo tsiku lonse limene mukanapalira chimanga. Amene munawagulitsa botolo lotere sadzabweranso, ndipo adzauza anzawo kutchalitchi.

Mayi ena a m'gulu lina chakumtunda kuno anandiyankha molimba mtima: "Alangizi, chipatsochi n'chotsekemera kale, shuga wonseyo ngwachiyani? Kachuku kapamwambako timangokapala ndi sipuni, ana n'kupaka pabuledi." Anatulutsa botolo lake kuti ndione. Linali la mayonezi, chivundikiro chili ndi dzimbiri m'mphepete, jamu wake woyenderera moti ukapendeketsa botolo amafika kukamwa. Anati analitsuka bwino n'kulipukuta ndi kansalu kopukutira mbale. Kansalu komweko kamene kamakhala pamsomali kukhitchini sabata yonse!

Chizolowezi chopala chukuchi ndicho chimandiwawa kwambiri. Zimene mukuona pamwambazo ndi mbali chabe. Timizu take timalowa pansi, makamaka mu jamu wamadzimadzi chonchi, ndipo chuku china chimatulutsa poizoni. Chaka ndi chaka timakuuzani za chuku cha m'chimanga ndi mtedza, mumavomera ndi mitu. Chikafika m'botolo mwati n'chosaopsa?

Chinanso, mukusankha mapulamu ofewetsetsa, ena otola pansi, poganiza kuti ndiwo otsekemera. Amenewo mphamvu yolimbitsa jamu inatha kale. Pulamu longoyamba kupsa, lowawasira pang'ono, ndilo limagwiritsa jamu, ndipo pamenepa mapulamu amaposa mapichesi, amene amafuna madzi a mandimu kuti agwire. Otola pansi okhala ndi mphutsi akwirireni m'dzenje lakuya, apo ayi mukuweta ntchentche zimene zidzaboole zipatso za chaka chamawa.

Ngati shuga muli naye kilo ziwiri, phikani kilo ziwiri za zipatso basi. Zotsalazo idyani, gawirani anansi, kapena ziduleniduleni muyanike pathandala dzuwa likawala, ngakhale ndi mvula yayambayi musadalire kwambiri zoyanika. Phikani zipatso zifewe kaye musanathire shuga, kenaka moto ukhale waukali mukutakasa ndi mthiko kuti zisapserere. Amene muli ndi choyezera kutentha, jamu amapsa kutentha kwake kukaposa kwa madzi owira ndi madigiri 4 kapena 5. Enanu dontheza pang'ono pasosala yozizira, dikirani kamphindi, kankhani ndi chala. Akachita makwinya wapsa. Mabotolo akhale agalasi, awiritseni mphindi 10 pamodzi ndi zivundikiro zake, aume okha chozondoka, osapukuta. Thirani jamu akadali wotentha, tsekani pomwepo, lembani tsiku, sungani pozizira posafika dzuwa. Botolo lomwe mwatsegula lithe m'masiku ochepa ngati mulibe firiji. Gulu lofuna kugulitsa m'mashopu liyambe lakaonana ndi a Malawi Bureau of Standards.