Momwe mungathetsere mkangano wa samu ya 8 ÷ 2(2+2) popanda kunyozana

M'chaka cha 2019 kasamu kakang'ono aka, 8 ÷ 2(2+2), kanazungulira pa Twitter ndi pa Facebook mpaka anthu ophunzira bwino kuyamba kutukwanana. Ena ankati yankho ndi 16, ena ankati ndi 1, ndipo aliyense ankauza mnzake kuti abwerere kusukulu. Sikanali koyamba. Cha m'ma 2011 anthu anakangana chimodzimodzi pa 48 ÷ 2(9+3), ena akuti 288 ena akuti 2, ndipo 6 ÷ 2(1+2) nayo imabwerabwera ndi mayankho ake awiri, 9 ndi 1. Mukaona samu yotere yakufikani pa foni, musathamangire kuyankha. Pali njira yoitsatira, ndipo ikakufikitsani pamene pagona vuto mudzaona kuti mbali zonse ziwiri zimadziwa kuwerengera. Chimene chinalakwika ndi kalembedwe ka samuyo.

Yambani ndi za m'kati mwa mabulaketi

Apa palibe amene amatsutsa. 2+2 ndi 4, ndiye samu yathu yasanduka 8 ÷ 2(4). Chenjerani ndi mfundo imene ambiri amabwera nayo pamenepa, yakuti popeza mabulaketi akuonekabe, tiyenera kuthana nawo kaye pochulukitsa 2 ndi 4. Lamulo la mabulaketi limanena za zimene zili m'kati mwake basi. M'kati mwatsala 4 yekha, ntchito ya lamulolo yatha. Amene amapeza 1 ali nayo mfundo yomveka, tiifika posachedwa, koma si imeneyi.

Kenako kumbukirani kuti kugawa ndi kuchulukitsa ndi amapasa

Ambiri tinaloweza BODMAS: mabulaketi, kenako timanambala ta pamwamba monga ka 2 ka mu 3², kenako kugawa, kuchulukitsa, kuphatikiza ndi kuchotsera. Ku America amaloweza PEMDAS, ku Canada BEDMAS. Taonani kuti mu BODMAS chilembo cha kugawa, D, chili patsogolo pa M wa kuchulukitsa, pamene mu PEMDAS M ndiye ali patsogolo. Kodi ndiye kuti masamu a ku London ndi osiyana ndi a ku New York? Ayi. Zilembozi ndi chothandizira kukumbukira chabe, ndipo zimabisa mfundo yaikulu: kugawa ndi kuchulukitsa palibe wamkulu kuposa mnzake. Zikakumana mu mzere umodzi, mumayambira kumanzere kupita kumanja, chimene chayamba kuoneka ndicho mumayamba kuchita. Kuphatikiza ndi kuchotsera nazonso n'chimodzimodzi.

Yesani 10 − 4 + 3. Munthu amene akuwerenga BODMAS chilembo ndi chilembo aphatikiza kaye 4 ndi 3 n'kupeza 7, kenako achotsa pa 10 n'kutsala ndi 3. Walakwa. Munali ndi 10, mwachotsapo 4 kwatsala 6, mwawonjezera 3, muli ndi 9. Yesaninso 12 ÷ 3 × 2. Kuchokera kumanzere, 12 ÷ 3 ndi 4, kuchulukitsa ndi 2 ndi 8. Wa PEMDAS amene wayamba ndi kuchulukitsa chifukwa choti M ali patsogolo apeza 2, ndipo nayenso walakwa.

Mukatenga lamuloli n'kuliika pa 8 ÷ 2 × 4, mupeza 4 × 4, yomwe ndi 16. Google nayo imayankha 16. Zikanakhala kuti samuyo inalembedwa chonchi, ndi chizindikiro cha × poonekera, sipakanakhala nkhani.

Tsopano fufuzani chizindikiro chimene sichinalembedwe

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo mukhalepo kanthawi. Pakati pa 2 ndi bulaketi palibe ×. Nambalayo yangogundizana ndi bulaketi, ndipo tonse timadziwa kuti kugundizana kotere kumatanthauza kuchulukitsa. Funso ndi lakuti, kodi kuchulukitsa kosalembedwaku n'kofanana ndi kwa × wamba, kapena kumamanga manambala awiriwo kukhala chinthu chimodzi chosalekanitsika?

Amene anazolowera algebra, masamu ogwiritsa ntchito zilembo, amaona 2(4) ngati mtolo umodzi wa 8, ndiye 8 ÷ 8 n'kupeza 1, ndipo sanazipeke okha. Tengani 6a ÷ 2a. Mufunseni mphunzitsi aliyense wa masamu, ambiri ayankha 3 osaganiza kawiri, chifukwa maso awo aona 6a ngati chinthu chimodzi ndi 2a ngati chinthu china. Koma mukaumirira lamulo la kumanzere kupita kumanja, mugawa 6a ndi 2 n'kupeza 3a, kenako muchulukitsa ndi a n'kupeza 3a². Palibe wolemba buku la algebra amene amalemba 6a ÷ 2a akutanthauza 3a². N. J. Lennes anadandaula za chimenechi mu 1917 mu magazini ya American Mathematical Monthly, kuti lamulo limene mabuku amalemba ndi losiyana ndi mmene olemba mabukuwo amachitira akafika pa zilembo. Florian Cajori, amene analemba mbiri ya zizindikiro za masamu mu 1928, ananenanso kuti pa nthawi yake panalibe mgwirizano pa nkhani ya choyamba pakati pa ÷ ndi × zikakumana. Ngakhale magazini a Physical Review, amene amasindikiza kafukufuku wa physics, malangizo awo kwa olemba amaika kuchulukitsa patsogolo pa kugawa kolembedwa ndi kamzere kopendekera.

Ndiye munthu amene wapeza 1 si mbuli. Akutsatira chizolowezi chenicheni cha akatswiri, chimene chilipo zaka zoposa 100. Wopeza 16 nayenso akutsatira lamulo lenileni limene sukulu zambiri zimaphunzitsa masiku ano. Steven Strogatz, katswiri wa masamu wa pa yunivesite ya Cornell, analemba za samu yomweyi mu nyuzipepala ya New York Times mu 2019. Iye anafika pa 16 potsatira lamulo la kusukulu, koma anavomereza kuti samuyo inalembedwa mosokoneza.

Inetu mukandikakamiza ndinena 16, chifukwa pamene pali manambala okhaokha ndimatsatira lamulo la kumanzere kupita kumanja. Koma ndikaona 1/2π m'buku la physics sindikayika n'komwe kuti wolembayo akugawa 1 ndi 2π yonse. Ndimadziwa kuti apa ndikudzitsutsa, ndipo ambiri amene amakuwa kwambiri pa nkhaniyi amachita zomwezo osazindikira.

Musaitenge calculator ngati woweruza

Mkangano ukafika povuta, wina amatulutsa calculator n'kujambula yankho ngati umboni. Vuto n'lakuti mnzakeyo akhoza kutulutsa ina n'kujambula yankho losiyana. Mukalemba 6 ÷ 2(1+2) pa Casio fx-82MS imakupatsani 1, pamene TI-83 Plus ya kampani ya Texas Instruments imakupatsani 9. Palibe yowonongeka. Opanga anasankha malamulo osiyana pa kuchulukitsa kosalembedwa kuja, ndipo makinawo akungomvera amene anawapanga.

Chomwe mungachite n'kuyesa yanuyo kuti muidziwe khalidwe lake. Lembani 1 + 2 × 3. Ikakupatsani 7, imadziwa kuti kuchulukitsa kumayamba. Ikakupatsani 9, ndi ya mtundu uja umene umawerengera batani lililonse mukangolidina, osadikira kuona zimene zikubwera. Calculator ya pa kompyuta za Windows imachita zonse ziwiri: mukaiika pa Standard imapereka 9, mukaiika pa Scientific imapereka 7. Mukatero lembani 6 ÷ 2(1+2) kuti muone mbali imene ili.

Amene mumagwira ntchito ndi Excel, pali msampha wina. M'masamu a m'buku −3² ndi −9, chifukwa mumayamba ndi 3 × 3 kenako n'kuika chizindikiro cha kuchotsera. Excel mukailembera =-3^2 (chizindikiro cha ^ chikuimira kanambala ka pamwamba) imayankha 9. Mukailembera =0-3^2 imayankha −9. Nayo =2^3^2 imapereka 64, pamene m'buku timanambala ta pamwamba tikasanjikizana mumayambira pamwamba penipeni, 3² ndi 9, kenako 2 kuichulukitsa yokha ka 9, yomwe ndi 512. Chilankhulo cha pa kompyuta cha Python chimatsatira buku pa zonse ziwirizi.

Funsani kuti samuyo ikukamba za chiyani

Samu yeniyeni imachokera pa chinthu chinachake, ndipo chinthucho ndicho chimathetsa kukayika. Tinene kuti muli ndi mapensulo 8, ndipo pali magulu 2 a ana, gulu lililonse muli anyamata 2 ndi atsikana 2. Ana onse alipo 8, aliyense alandira pensulo 1. Tsopano tinene kuti tsiku lililonse mumagawa mapensulo 8 kwa ana 2, aliyense 4, ndipo mwachita zimenezi masiku 2 sabata ino ndi masiku 2 sabata yotsatira. Mwana aliyense ali ndi mapensulo 16. Nkhani ziwiri zosiyana kotheratu, koma munthu waulesi akhoza kuzilemba zonse ngati 8 ÷ 2(2+2). Ngati wolemba samuyo alipo, mufunseni kuti amatanthauza nkhani iti. Za pa intanetizi nthawi zambiri zilibe nkhani kumbuyo kwake, anazipanga dala kuti anthu akokanekokane.

Pomaliza, ilembeninso

Ngati mukutanthauza 16, lembani (8 ÷ 2) × (2+2). Ngati mukutanthauza 1, lembani 8 ÷ (2 × (2+2)). Mukamalemba pamanja, chabwino koposa ndi mzere wa fulakishoni: 8 pamwamba, 2(2+2) yonse pansi pa mzere, ndipo aliyense aona yekha chimene chikugawidwa ndi chimene chikugawa. N'chifukwa chake chizindikiro cha ÷ chimasowa m'mabuku a masamu apamwamba. Chinayamba kugwiritsidwa ntchito pogawa m'buku la Johann Rahn wa ku Switzerland mu 1659, koma lero malamulo a bungwe la ISO pa kalembedwe ka masamu, otchedwa ISO 80000-2, amati chisamagwiritsidwe ntchito pogawa.

Mukakumana nayo pa mayeso, tsatirani lamulo limene munaphunzitsidwa m'kalasi, ndipo mzere wanu woyamba ukhale samu yomweyo mutailembanso ndi mabulaketi, kuti wochonga aone mmene mwaimvera. Pa Excel ndi pa calculator, dinani × (pa Excel ndi *) paliponse pamene pali kuchulukitsa, ngakhale makinawo akulolani kumudumpha, ndipo chilichonse chimene chikanakhala pansi pa mzere wa fulakishoni chitsekereni m'mabulaketi ake musanadine batani la yankho.