Momwe mungalongedzere katundu wa kitesurfing popita kutchuthi kugombe lotentha

Pa kitesurfing, masewera oyandama pathabwa uku mukukokedwa ndi kaiti yaikulu, zimene zimalamula m'chikwama ndi mphepo ya kumene mukupitako ndi sikelo ya pabwalo la ndege. Zovala zimalowa pomalizira, m'mipata yotsala.

Yambani ndi kufufuza mphepo ya mwezi umene mudzakhale kumeneko, chifukwa gombe lililonse lili ndi nyengo yake. Ku Paje, kum'mawa kwa Zanzibar, mphepo ya Kaskazi imaomba kuyambira Disembala mpaka cha mu Febuluwale, ndipo ya Kusi imabwera pakati pa Juni ndi Seputembala. Ku Cumbuco ndi Jericoacoara, m'chigawo cha Ceará ku Brazil, mphepo imalimba m'theka lachiwiri la chaka, pamene ku Boracay ku Philippines amadikira ya Amihan, ya Novembala mpaka Epulo. Mukadziwa zimenezi, sankhani makaiti, pokumbukira kuti yaikulu ndi ya mphepo yofooka ndipo yaing'ono ndi ya mphepo yamphamvu. Munthu wolemera makilogalamu pafupifupi 75 nthawi zambiri amakwanitsa ulendo wonse ndi kaiti ya masikweya mita 9 ndi ina ya 12, koma wopita ku Ceará mphepo itafika pachimake achita bwino kusiya ya 12 n'kutenga ya 7. Kunyamula kaiti imodzi yokha ndi kutchova juga, pakuti tsiku limene mphepo idzasinthe mudzangokhala pamchenga n'kumaonerera anzanu.

Chachiwiri, werengani malamulo a katundu wamasewera a kampani ya ndege musanagule tikiti. Makampani ambiri amalola makilogalamu 23 pachikwama chimodzi, ndipo cholemera kuposa 32 amachikana ngakhale mutafuna kulipira. Ena amaikanso malire a kutalika, ena amafuna kuti mulembetse katunduyo pasadakhale. Musaiwale kuti chikwama chachitali chamateyala chimadya chokha makilogalamu 3 kapena 4 chisanalowe kanthu.

Kukatsala masiku angapo, yesani zipangizo zonse. Popani kaiti iliyonse n'kuisiya kwa maola angapo pamthunzi, ndipo ikayamba kufota ndiye kuti chubu cha mkati kapena valavu ikutaya mpweya. Vuto limeneli ndi losavuta kulikonza muli panyumba kusiyana ndi kugombe, kumene mphepo imakuwazirani mchenga paguluu. Tambasulani zingwe, mumange nsonga zake zonse pamalo amodzi olimba, kenako mukoke chogwirira chowongolera kaiti kuti muone ngati zikufanana kutalika. Chingwe chimene chili ndi mfundo kapena chayamba kunyotsoka chisintheni, popeza mfundo imachifooketsa kwambiri. Yesaninso kangapo chomasulira pangozi, kachipangizo kamene kamakumasulani ku kaiti zinthu zikavuta, ndipo ngati chikulimba, chitsukeni ndi madzi opanda mchere mpaka chizitseguka mosavuta.

Ntchito yeniyeni yolongedza imafuna kudekha. Masulani zipsepse, chogwirira chapakati ndi zoponderamo mapazi pathabwa, ndipo tizomangira tonse mutiike m'kathumba kamodzi n'kukamata ndi tepi pathabwa pomwepo, chifukwa tinthu timeneti ndi timene timasowa msanga. Thabwa likhale pansi pa chikwama, m'mbali mwake ndi kunsonga mutakuta ndi matawulo, pakuti onyamula katundu akaponya chikwama, nsongazo ndizo zimayamba kugunda pansi. Makaiti atulutseni m'zikwama zawo, mutsegule mavalavu, mufinye mpweya wonse, ndipo muwakulunge molimba ali ouma bwinobwino; kaiti yonyowa imachita nkhungu ndipo utoto wake umatha kudetsa mbali zoyera. Chikwama chimodzi cha kaiti ndi chokwanira kunyamulira zinthu popita kumadzi. Chogwirira ndi zingwe zake muzikulunge m'chovala chofewa, pampu muichotse paipi, ndipo chitsulo chilichonse chosongoka chisayang'ane kunsalu ya kaiti.

Kathumba ka zokonzera musakachepetse. Muikemo zigamba za chubu, tepi yomatira nsalu ya kaiti, valavu yapadera, guluu, chipsepse chimodzi ndi zomangira zake, ndiponso chomasulira chogwirizana ndi zomangirazo. M'magombe ena akutali, kachinthu kochepa kotere kakhoza kukudikiritsani masiku mphepo ikuomba. Chomasuliracho ndi kampeni kodulira zingwe zilowe m'chikwama chachikulu, chifukwa achitetezo akhoza kukulandani mukazipeza m'chikwama cha m'manja.

Za thupi, mdani wamkulu ndi dzuwa, limene limakuwombani kuchokera kumwamba ndi kuchokera pamadzi pomwe, koma mphepo imakunamizani kuti simukupsa. Tengani malaya osambira a manja aatali olembedwa UPF 50, mafuta oteteza khungu a SPF 50 osachoka msanga m'madzi, magalasi a chingwe ndi chipewa chomangira kukhosi. Nsapato za m'madzi ndi zofunika kumene kuli miyala yakuthwa kapena tinyama taminga ta pansi pa nyanja, monga ku Paje madzi akaphwa. Wetsuit yopyapyala, chovala chothina choteteza kuzizira m'madzi, ambiri amaiona ngati katundu wachabe, komatu kutentha kwa mtunda sikutanthauza kuti madzi ndi ofunda: ku Dakhla, kugombe la kumpoto chakumadzulo kwa Africa, kuli chipululu, koma madzi a Atlantic kumeneko amazizira. Amene akuphunzira kumene aonjezere chisoti. Zovala wamba zikhale zochepa ndi zouma msanga.

Pomaliza konzani chikwama cha m'manja, moganizira kuti chachikulu chija chikhoza kuchedwa. Kaiti ndi thabwa mungabwereke pasukulu za masewerawa, koma lamba wa m'chiuno wokolekapo kaiti wokukwanani bwino ndi wovuta kupeza, choncho ayende nanu pamodzi ndi kabudula ndi malaya osambira. Mabatire apadera a kamera ndi power bank amaloledwa m'chikwama cha m'manja basi, ndipo opitirira 100 Wh (muyezo wa mphamvu ya batire) amafuna chilolezo cha kampani ya ndege. M'mabwalo ambiri a ndege, zamadzimadzi za m'chikwamachi siziyenera kupitirira mamililita 100 pabotolo lililonse. Onetsetsani kuti pasipoti yanu yatsala ndi miyezi yosachepera 6, monga mmene mayiko ambiri amafunira, ndiponso kuti inshuwalansi yanu ikutchula kitesurfing, chifukwa ina imapatula masewera oterewa. Ngati muli ndi khadi la International Kiteboarding Organization losonyeza luso lanu, litengeni, pakuti sukulu zambiri zimafuna kuliona zisanakubwerekeni zipangizo.