Momwe mungakonzere ulendo wa ndawala wa masiku 8, kuchoka ku Liverpool kukafika ku Leeds

Kumudzi tikati ulendo wa ndawala aliyense amadziwa, Loweruka m'mawa, ma tisheti ofanana, bandi kutsogolo, timbale topemphera ndalama kwa oyendetsa galimoto, ikamati 12 koloko aliyense ali pakwawo akudya nsima. Kuno ku UK anzathuwa ndawala yawo nthawi zina imatha sabata yathunthu kapena kuposa, ndipo ena amakonda kutsata ngalande. Eya, ngalande za ku Mangalande, musaseke. Si ngalande zamadzi oipa ngati za mu Limbe ayi, ndi ma kanalo akuluakulu okumbidwa ndi manja kalekale kuti muzidutsa maboti a malasha ndi katundu wa m'mafakitale a nsalu. Ife tinayendapo ya Leeds and Liverpool Canal potolera thandizo la kumudzi, ndiye anthu akhala akundifunsa kuti munachita bwanji. Nazi.

Yambani ndi ndalama, nsapato pambuyo

Ambiri amathamangira kugula nsapato asanadziwe kuti ndalamazo zipita kuti ndipo adzazigwira ndani. Apa ndi pomwe magulu athu amathera, paja pa ndalama ngakhale apachibale amasiya kuyankhulana. Khalani pansi kaye mugwirizane chinthu chimodzi chooneka ndi maso, kaya ndi mjigo, kaya mabenchi a sukulu, kaya denga la chipatala chaching'ono, osati "kuthandiza osauka" basi, munthu safuna kuponya £20 yake m'chitsime chosaoneka pansi.

Mukatero pezani bungwe lolembetsedwa kuno ku UK lomwe likugwira kale ntchito yoteroyo, mutsegule peji yanu pa JustGiving, webusayiti yotolerapo ndalama zachifundo, pansi pa dzina la bungwelo. Chifukwa chake ndi Gift Aid. Munthu amene amakhoma msonkho kuno akapereka £1, boma limawonjezerapo 25p, ndiye £20 imasanduka £25 popanda wina kutuluka thukuta. Koma mukatsegula peji yongotolera nokha ngati gulu la pa WhatsApp, Gift Aid palibe, ndipo ndalama zikagwera mu akaunti ya munthu mmodzi mafunso sachedwa kuyamba. Zoyenda ndi ndowa mumsewu kupempha odutsa ngati kwathu, kuno zimafuna chilolezo cha khonsolo ya dera limenelo, ndipo kanaloyi imadutsa m'makhonsolo ambirimbiri, ine ndinaona kuti nkungodzivutitsa. Sindikizani QR code pa tisheti kapena pa chikwama, wofuna ajambula yekha ndi foni. Ngati muli gulu lalikulu auzeninso a Canal & River Trust, ndi omwe amasamala ma kanalo a ku England ndi Wales kuyambira 2012, ali ndi fomu ya anthu ochita zochitika m'mbali mwa madzi awo.

Gawani mtundawo

Kanaloyi ndi ya mamailosi 127, pafupifupi makilomita 204, anayamba kukumba mu 1770 nkudzamaliza mu 1816, zaka 46 abale. Mukagawa masiku 8 ndiye kuti mamailosi 16 patsiku, maola 6 kapena 7 mukaphatikiza zopumira ndi zojambula zithunzi. Alipo amene amamaliza masiku asanu, asiyeni, amenewo si anzanu. Wigan ili cha pa mailosi 35 kuchoka ku Liverpool, pakati penipeni ndi pa mudzi wotchedwa Church kufupi ndi Accrington pomwe pali chizindikiro, Skipton ili cha pa 98. Ubwino wake matauni ambiri omwe mukudutsa, Wigan, Blackburn, Burnley, Skipton, Keighley, Bingley, Shipley, ali ndi siteshoni ya sitima, ndiye amene sangapeze holide ya sabata yonse kuntchito atha kubwera tsiku limodzi nkubwerera, komanso amene mwendo wakana sakhala mtolo wa anzake. Nthawi yabwino ndi May mpaka July, mu June dzuwa limalowa 9 koloko itadutsa kale. December musayerekeze, 4 koloko kwada.

Pogona konzeranitu miyezi iwiri isanakwane. Kukhoma tenti paliponse m'njirayi nkosaloledwa popanda chilolezo cha mwini malo, ndiye ndi B&B (nyumba zogona alendo zolipira), holo ya tchalitchi mukapempha bwino, kapena pabalaza pa Amalawi anzathu, ku Manchester ndi ku Leeds tilikotu ambiri. Ndipo pezani munthu mmodzi wa galimoto wonyamula zikwama zazikulu nkumakumana nanu madzulo. Wathu tsiku lina anatulukira ndi nsima ya nkhuku mu fudu woma, anthu akuluakulu anatsala pang'ono kulira.

Mapazi

Apa ndichedwapo chifukwa ndi pomwe panandigwetsa. Njira ya m'mbali mwa kanalo anaipangira mahatchi omwe ankakoka maboti, ndiye ndi yosalala, phiri mulibe, munthu umati aaa izi nzamasewera, ine ndinakulira koyenda wapansi kupita kuchigayo. Komatu kusalalako ndiye msampha wake, phazi limaponda mofanana sitepe iliyonse tsiku lonse, malo amodzimodzi akukhuzika, ndipo madera ambiri pansi ndi tala kapena timiyala tolimba. Tsiku loyamba mumaimba makwaya, lachiwiri mumacheza, lachitatu aliyense ali ziii akuyenda ngati waponda minga. Ine ndinapita ndi nsapato yatsopano yomwe ndinangoivala kawiri, pofika ku Wigan chidendene chonse chinali matuza, ndinamaliza ulendo ndi nsapato yakale yothamangira yomwe ndinkafuna kutaya.

Ndiye nsapato muyendemo masabata osachepera 6, ndipo ikhale yokulirapo pang'ono chifukwa phazi limatupa. Masokosi a kotoni asiyeni kunyumba, amasunga thukuta, gulani oyendera, awiri patsiku, masana muvule nsapato mapazi apitidwe mphepo musinthe. Vaseline pakati pa zala m'mawa uliwonse. Mukangomva penapake pakutentha imani pomwepo mumate pulasitala, osati "ndikafika pa buliji iyo", pofika pabulijipo thuza latuluka kale. Pokonzekera musamangoyenda Loweruka lokha, yendani mamailosi 12 Loweruka nkubwerezanso Lamulungu, chomwe mukuphunzitsa thupi ndi kudzuka litatopa nkuyambanso.

Zam'chikwama chapamsana nzodziwika, jekete la mvula ngakhale kunja kukuwala, madzi malita awiri, pawabanki, mtedza, nthochi. Mipope ndi zimbudzi zambiri za m'mbali mwa kanalo ndi za eni maboti ndipo zimakhala zokiya, ndiye mukafika pa tauni kapena pa pub gwiritsani ntchito mwayiwo. Madzi a mu kanalo musasambemo kumaso kapena kutsukira chilonda, mumakhala matenda ochokera ku mkodzo wa makoswe, Weil's disease.

Pomwe njira imakuthawani

Kusochera pa kanalo nkovuta, madzi ali pambali panu ndipo ma buliji ali ndi manambala, pakachitika ngozi mukaimba 999 nambala ya buliji ndi yomwe mungawauze. Koma pali malo awiri pomwe madzi amalowa pansi pa nthaka inu nkutsala panja. Ku Burnley kuli tanelo ya Gannow, ndipo ku Foulridge kuli ina yaitali pafupifupi kilomita ndi theka, yonse yopanda njira ya wapansi. Eni deralo amakamba za ng'ombe yomwe akuti inagweramo mu 1912 nkusambira mpaka kutulukira mbali inayo, nkuitsitsimutsa ndi brandy, inu musayesere. Mumadutsa pamwamba, ndipo ku Foulridge ndi m'timisewu takumidzi topapatiza, mipanda ya miyala kapena zitsamba uku ndi uku, pothawira palibe. Lamulo la pamsewu kuno likuti popanda njira ya oyenda pansi yendani kudzanja lamanja kuyang'anizana ndi galimoto zobwera, mondondozana. Gulu likakhala lalikulu ndiye kumanzere, wina kutsogolo wina kumbuyo atavala zowala. Mahedifoni chotsani. Mukadzera m'munda mwa munthu tsatani chikwangwani cha public footpath, geti mulisiye momwe mwalipezera, ng'ombe ya mwana muilambalale patali, ndipo timasamba tina tobiriwira ta m'mbali mwa njira timayabwa ngati chitedze, ovala kabudula mwamva.

Chitunda chenicheni ndi pa Wigan, pomwe maboti amakwera ma loko 21 otsatizana, mamita oposa 60. Ma loko ndi zipata zotsekera madzi zokwezera kapena kutsitsira boti, kanalo yonse ilipo 91. Otchuka ndi asanu a ku Bingley, a mu 1774, osanjikizana ngati masitepe, pamenepo jambulani chithunzi chabwino chifukwa ndi chomwe chimabweretsa ndalama.

Zoona, madzulo aliwonse ngakhale mutatopa bwanji tumizani chithunzi chimodzi ndi mawu awiri pa WhatsApp ndi Facebook pamodzi ndi linki. Ife tinaona kuti tsiku lomwe tinaonetsa mapazi omata mapulasitala ndi lomwe anthu anapereka kwambiri kuposa tsiku la zithunzi zomwetulira. Mukadutsa Saltaire mwatsala ndi tsiku limodzi lofewa, kanalo imathera pa Granary Wharf kuseri kwa siteshoni ya Leeds. Peji musaitseke tsiku lomwelo, isiyeni masabata awiri kapena atatu kuti odikira malipiro a mwezi aponyemo, kenako lembani poyera kuti zapezeka zingati, bungwe lalandira liti, ndipo mjigo uja ukakumbidwa chithunzi chake chipite kwa aliyense amene anapereka, ngakhale wa £5.