Kasamalidwe ka Wosewera Amene Akuganiziridwa Kuti Wavulala Khosi Kapena Msana Pabwalo

Malangizowa ndawalemba kuno ku Zomba kuchokera m'chikalata cha Chingerezi chimene ndinapemphedwa kuti ndichiike m'Chinyanja, kuti chithandize aphunzitsi a matimu, oyimbira masewero, aphunzitsi a m'sukulu ndi onse opereka chithandizo choyambirira m'mabwalo a ku Chipata, Katete, Petauke, Lusaka ndi madera ena a dziko la Zambia. Ndalemba ndi "ch" monga tinazolowera kuno ku Malawi, ndipo pamene ndanena mpira, inu mumve bola. Zodziwika kale, monga kuvala magolovesi pogwira magazi ndi kuthamangitsa anthu ounjirira, sinditaya nazo nthawi.

Mawu oyamba amene anandivuta ndi akuti spinal cord. Msana wa munthu uli ndi timafupa 33 tosanjikizana: 7 m'khosi, 12 pamene pagwira nthiti, 5 m'chiuno, ndipo totsalato tinamatana kumunsi. Pakati pa timafupati pali mphako, ndipo m'mphakomo mumadutsa chingwe chofewa, chonenepa ngati kachala kakang'ono ka kudzanja, chochokera ku ubongo. Ena amachitcha mongo, koma mongo ndi wa m'fupa. Ine ndasankha kunena kuti mtsempha waukulu wa msana, ngakhale ndikudziwa kuti ambiri akamva mtsempha amaganiza za magazi. Umenewu sunyamula magazi, umanyamula mauthenga ochokera ku ubongo kupita kumanja, kumiyendo, ku chikhodzodzo ndi kumatumbo, komanso mauthenga obwerera. Fupa likathyoka limagwirananso, koma mtsempha umenewu ukaduka sulumikizikanso, ndipo ziwalo zonse za m'munsi mwa pamene wadukirapo zimafa. Timitsempha toyendetsa mnofu wopumira umene uli pansi pa mapapo timatulukira pa fupa lachitatu, lachinayi ndi lachisanu la m'khosi, n'chifukwa chake kuvulala kwa kumtunda kwa khosi kumatha kuletsa munthu kupuma.

Mfundo yaikulu ya chikalata chonsechi ndi yakuti fupa likhoza kuthyoka mtsempha uli bwinobwino. Mu 2014, pa mpikisano wa mpira wa dziko lonse ku Brazil, Neymar, wosewera wa timu ya Brazil, anagundidwa ndi bondo kumsana posewera ndi Colombia, fupa lachitatu la m'chiuno n'kuthyoka, koma mtsempha sunakhudzidwe ndipo anadzaseweranso. Fupa lothyoka limene likugwedera lili ngati mpeni umene wagona pafupi ndi ulusi. Amene amaukankhira ku ulusiwo nthawi zina ndi ife othandiza, ndi manja athu achifundo, pamene tikumudzutsa mnzathu, kumukhazika pansi kapena kumunyamula mothamanga.

Mawu akuti "akuganiziridwa" nawonso ndiwamasulire, chifukwa m'chilankhulo chathu amamveka ngati a kupolisi. Tanthauzo lake pano ndi lakuti wosewerayo mumutenge ngati wathyokadi khosi kufikira achipatala atamujambula ndi kunena kuti sizili choncho. Pabwalo palibe amene angaone fupa ndi maso, ngakhale dokotala.

Muganizire kuvulala kwa khosi kapena msana ngati wosewera wagwera mutu kapena khosi, wawombana mutu ndi mnzake podumphira mpira wa m'mwamba, wagunda chitsulo cha golo, wakanikizidwa pa ragibe, kapena wadumphira chamutu m'madzi osaya. Kugwa koopsa kwambiri ndi kumene liwombo limagunda chinthu khosi litaweramira pang'ono kutsogolo, chifukwa mphamvu yonse imatsikira m'timafupa ta m'khosi. Zizindikiro ndi izi: ululu pakati penipeni pa khosi kapena msana, dzanzi, kumva ngati akubayidwa ndi masingano kapena moto ukuyenda m'manja ndi m'miyendo, kufooka kapena kulephera kusuntha ziwalo, kupuma movutikira, kudzikodzera kapena kudziyipitsira, ndiponso kwa amuna, kulimba kwa maliseche popanda chifukwa. Dzanzi la mkono umodzi limene latha msanga limatha kukhala la timitsempha ta paphewa, koma likakhala m'mikono yonse iwiri, kapena mkono ndi mwendo, nkhaniyo ndi ya mtsempha waukulu. Wosewera aliyense amene wakomoka chifukwa cha kuwombana, amene wasokonezeka maganizo, amene wamwa mowa, kapena amene ali ndi bala lina lopweteka kwambiri monga mwendo wothyoka, mumutenge ngati wavulala khosi, pakuti munthu wotero sangakuuzeni zoona za ululu wa m'khosi mwake.

Mukamapita kwa wovulalayo mudzere kumene maso ake akuyang'ana. Mukamuitana muli kumbuyo amatembenuza mutu kuti akuoneni, ndipo kutembenuka kumeneko ndi kumene tikukupewa. Mawu oyamba akhale akuti, "Usagwedeze mutu, undiyankhe ndi pakamwa." Ambirife povomera kapena pokana timagwiritsa ntchito mutu tisanatsegule pakamwa, choncho mumukumbutse mobwerezabwereza.

Munthu mmodzi agwire mutu nthawi yomweyo. Agwade kapena agone chafufumimba kumutu kwa wovulalayo, zigongono atatsamiritsa pansi kapena pamaondo ake kuti manja asatope ndi kunjenjemera, ndipo zikhato zikhale mbali zonse ziwiri za mutu popanda kutseka makutu. Asakoke. Ndikubwereza chifukwa kwathu kuno tinazolowera kuwongola chala chobinya pochikoka, ndipo ena amaganiza kuti khosi nalonso n'chimodzimodzi. Ntchito ya manjawo ndi kuletsa mutu kusuntha basi. Wagwira mutuyo ndiye mtsogoleri wa zonse zotsatira, ngakhale atakhala wamng'ono pakati pa akuluakulu a timu, ndipo sachotsa manja kufikira mutu utamangidwa pathabwa lonyamulira wovulala kapena wachipatala atamulandira.

Chikalata chikunena kuti mutu ubwezeretsedwe pamalo amene chikuwatcha neutral position. Kumeneku ndi kukhala kwa mutu pamene mphuno, chibwano ndi mchombo zili pamzere umodzi, munthu akuyang'ana kutsogolo kwake osawerama ndiponso osagadamira. Wobwezeretsayo achite pang'onopang'ono, ndipo asiye pomwepo ngati ululu ukuwonjezeka, dzanzi kapena kufooka kukukula, minofu ya khosi yakungika, khosi likukana, kapena kupuma kukuvuta. Apa ndiwonjezere zanga: ndime imeneyi inalembedwera anthu ophunzitsidwa. Ngati simunaphunzirepo ndi manja anu pamaso pa wachipatala, ndipo wovulalayo akupuma bwino, gwirani mutu momwe mwaupezera ndipo mudikire.

Kupuma kumaposa khosi. Ngati wakomoka, yang'anani ngati chifuwa chikukwera ndi kutsika, kwa masekondi osapitirira 10. Potsegula njira ya mpweya musagadamitse mutu monga timaphunzitsidwira pa anthu ena okomoka. Ikani zala kuseri kwa nsagwada, pansi pa makutu, mbali zonse ziwiri, ndipo mukankhire nsagwada ya m'munsi kutsogolo mutu uli chikhalire. Zikakanika ndipo mpweya sukulowa, gadamitsani mutu pang'ono ndithu, chifukwa munthu wosapuma amamwalira m'mphindi zochepa. Za kulowetsa zala, supuni kapena kamtengo m'kamwa poopa kuti ameza lilime zisiyeni. Lilime silimezeka, limangogwera kummero, ndipo kukankha nsagwada kuja kumalichotsa panjira. Olimbana ndi pakamwa amapotoza khosi ndipo ena amalumidwa zala.

Musasokoneze zimenezi ndi wosewera amene wangogwa yekha popanda womugunda. Ameneyo muganizire mtima, monga zinachitikira Marc-Vivien Foé wa ku Cameroon ku Lyon mu 2003 ndi Christian Eriksen wa ku Denmark ku Copenhagen mu 2021. Aliyense amene sakupuma, kapena akungobanika mwa apo ndi apo, agonekedwe chagada msanga, mudinikize pakati pa chifuwa ka 30 ndi kumupumira kawiri, pa liwiro la ka 100 mpaka 120 pa mphindi, chifuwa chikulowa masentimita 5 mpaka 6, ndipo makina odzidzimutsa mtima agwiritsidwe ntchito ngati alipo.

Wovulala amene akupuma ndipo ali pamalo osaopsa asasunthidwe kufikira anthu ndi zipangizo zitakwanira. Malamulo a mpira amapatsa woyimbira mphamvu yoimitsa masewero wosewera akavulala kwambiri, choncho phokoso la ochemerera lisakufulumizitseni. Zaka zingapo zapitazo, pabwalo lina kuno ku Zomba, ndinaona goloboyi wachichepere atawombana ndi wosewera kutsogolo n'kugwa osadzuka. Anzake anayi anamugwira wina mkono wina mwendo, n'kuthamanga naye kunja kwa mzere mutu ukulendewera, wina akumuthira madzi kumaso, wina akumupemerera ndi jezi. Ine ndinali pomwepo ndipo sindinalankhule kanthu. Kuchipatala anakamupeza ndi fupa la m'khosi long'aluka, ndipo anavala kolala yochirikiza khosi kwa masabata ambiri. Mutu wolendewera uja ndimauonabe m'maso mwanga, ndipo ndi umene unandichititsa kuvomera ntchito yomasulirayi.

Kutembenuza wovulala kumatchedwa log roll, ndipo ine ndati kugubuduza ngati chipika, chifukwa chipika chikamagubuduka mutu ndi tsinde zimayendera limodzi, sichipindika pakati. Pamafunika anthu osachepera anayi kapena asanu: wa kumutu, wina pamapewa ndi pachifuwa, wina m'chiuno, wina kumiyendo, ndi wina wolowetsa thabwa. Wa kumutu afotokoze kaye kumene akutembenukira ndi mawu amene anene, kuti pasakhale wina woyamba pa "tatu" pamene wina akudikira "tiyeni". Njirayi ndi ya munthu amene wagwa chafufumimba, komanso amene wayamba kusanza, kuti masanzi asalowe m'mapapo. Ngati wagona chafufumimba, wa kumutu ayambe manja atapingasa, kuti wovulalayo akafika chagada manjawo akhale atawongoka. Munthu amene wagona kale chagada ndi bwino kumunyamula molunjika m'mwamba kusiyana ndi kumugubuduza, chifukwa khosi limasuntha pang'ono: atatu mbali iyi, atatu mbali inayo, wa kumutu, ndi wachisanu ndi chitatu wolowetsa thabwa kuchokera kumapazi. Amukweze masentimita 10 mpaka 15 okha, thabwa lilowe, kenako amutsitse onse pamodzi. Pamene pali machira achitsulo otseguka pakati, amene mbali zake ziwiri zimalowetsedwa pansi pa munthu ndi kutsekedwa, agwiritseni ntchito amenewo.

Pomanga, yambani ndi chifuwa, chiuno ndi miyendo, ndipo mutu ukhale womaliza. Mukayamba ndi mutu, thupi likatsetsereka khosi ndilo limapotoka. Wamkulu amafunika kansalu kopinda pansi pa mutu kuti usagadamire, pamene mwana wamng'ono, popeza mutu wake ndi waukulu poyerekeza ndi thupi, amafunika kansaluko pansi pa mapewa. Kolala yolimba iikidwe ndi munthu wodziwa kuyeza saizi yake, ndipo ngakhale itaikidwa manja asachoke pamutu, chifukwa kolala payokha siiletsa khosi kusuntha. Thabwa ndi lonyamulira chabe. Munthu wadzanzi akagonapo nthawi yaitali amatuluka zilonda kumsana ndi kumatako iye osamva, choncho mukafika kuchipatala muwauze nthawi imene anagonekedwapo.

Chikalata chinalembedwa poganizira bwalo lokhala ndi ambulansi pambali, pamene mabwalo ambiri a m'midzi ndi m'sukulu, kwanu ngakhale kwathu, alibe ngakhale machira. Zotsatirazi ndi zanga. Ngati thandizo silingafike ndipo muyenera kumunyamula nokha, chitseko cholimba chopanda zogwirira kapena thabwa lalikulu lingagwire ntchito, mutayalapo bulangete lopyapyala. Zitenje zimange thupi, ndipo matawulo kapena majezi okulunga aikidwe mbali zonse za mutu, nsalu ina itadutsa pachipumi. Musadule katoni kuti mupange kolala, ndipo musamange chilichonse pammero. Matumba a mchenga pambali pa mutu ndi olemera, ndipo thabwa likapendekeka amakankha mutuwo. Galimoto ikhale yoti munthu agone mowongoka, monga kumbuyo kwa pikiapu, wa kumutu atakhala naye pomwepo, ndipo dalaivala ayende pang'onopang'ono m'maenje ndi pamahampu. Njinga, njinga yamoto ndi mpando wa minibasi ayi, ngakhale chipatala chitakhala pafupi bwanji.

Ndime zonena za zipewa zolimba za mpira wa ku America ndazidumpha. Kwa okwera njinga zamoto ndi osewera cricket, chipewa chisiyidwe pamutu ngati munthu akupuma bwino. Chichotsedwe pokhapokha chikutsekereza kupuma kapena akusanza, ndipo ochotsa akhale awiri, wina atagwira khosi ndi nsagwada kuchokera pansi pamene mnzake akusolola.

Musamupatse madzi, chakudya kapena mankhwala akumwa, chifukwa akhoza kutsamwa ndipo mwina akufunika opaleshoni. Musamusisite khosi ndi mankhwala otentha. Mumufunditse, pakuti munthu wovulala mtsempha waukulu amazizidwa msanga ngakhale khungu lake likumveka lofunda, ndipo mtima wake umatha kugunda pang'onopang'ono magazi akuyenda mofooka. Wosewera amene wadzuka yekha n'kumati ali bwino koma khosi likumupweteka pakati, agonekedwe pansi mosamala mutu utagwiridwa, ndipo asabwererenso m'bwalo tsiku limenelo.

Masewero asanayambe, akuluakulu a matimu onse awiri agwirizane za chipatala chimene angapiteko. Kuno timathamangira ku Zomba Central Hospital, ndipo zikakula amatumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Kwa inu a kum'mawa kwa Zambia kuli Chipata Central Hospital ndi St Francis ku Katete, ndipo University Teaching Hospital ili ku Lusaka. Imbani foni musananyamuke kuti akuuzeni koyenera kupita, kupewa kumutsitsa ndi kumukwezanso wovulalayo kawiri. Mudziwiretu amene ali ndi kiyi wa geti lolowera galimoto, dalaivala ali pati, ndiponso ngati galimotoyo ili ndi mafuta. Kugubuduza ndi kunyamula kuja muziyeserera pa tsiku la zokonzekera, mmodzi wa osewera atagona pansi, wachipatala akukuyang'anirani. Mukafika kuchipatala, amene anaona ngoziyo afotokoze nthawi imene inachitika, momwe wosewerayo anagwera, ngati anakomoka ndi kwa nthawi yaitali bwanji, ziwalo zimene ankatha kusuntha poyamba, ndi zimene zasintha panjira.