Mmene ndinathetsera chinyontho m'nyumba yakale ya njerwa

Pamene tinkasandutsa nyumba yakale yosungiramo katundu kukhala laibulale, chinyontho chinatisautsa kwambiri. Makoma ankatuluka mchere woyera, penti n'kumakanganuka. Gwero lake linali pulasitala ya simenti yomwe ena anapaka pa njerwa zomangidwa ndi laimu. Simenti imatsekera madzi m'kati, ndiye njerwa zakale, poti n'zofewa, zimangofumbutuka.

Ndinagumula simentiyo pang'onopang'ono ndi tchizulo, osati makina, kuopa kuswa njerwa. Khoma litauma, ndinapaka laimu wosakaniza ndi mchenga, amene amalola chinyezi kutuluka. Mawindo amatabwa ndinakanitsitsa kuwachotsa, chifukwa ndiwo nkhope ya nyumbayo, tinangosintha mowola. Mashelefu tinawatalikitsa pang'ono ndi khoma kuti mpweya uzidutsa kuseri kwa mabuku.